Kodi wolowa kumapeto kwa masewero angapose anzake onse? Nkhani ya Mariano Rivera

MlondaWaUsiku
Abale anzanga amene mumatsatira baseball, ndithandizeni. Ndili kuno ku New York chaka chachiwiri tsopano, ndimagwira ntchito ya ulonda usiku, ndipo mnzanga amene timasinthana naye ndi wa ku Panama. Loweruka lapitali ananditengera koyamba ku Yankee Stadium, bwalo la timu ya baseball ya New York Yankees. Tisanakhale pansi anandikokera kuseri kwa bwalo kumene anaika manambala a osewera amene timuyi imawalemekeza, n'kuima pa nambala 42 atavula chipewa. Akuti ameneyu ndi Mariano Rivera, mwana wakwathu, ndipo woponya mpira wina ngati iyeyu kulibe. Akuti pa chisankho cha mu 2019 cholowetsa osewera mu Hall of Fame, nyumba ya ulemu ya akatswiri a baseball, atolankhani onse 425 anamuvotera, zimene sizinachitikepo kwa wosewera wina aliyense.

Nditafika kunyumba ndinafufuza. Ndapeza kuti bamboyu nthawi zambiri ankalowa chigawo chomaliza chokha, timu yake itatsogola kale, n'kutulutsa anthu atatu, basi. Anzake akhetsa thukuta maola awiri ndi theka, iye akungodzaponya mipira 12 kapena 15. Mtima wanga ukukana. Wolima munda ndi wina, wodzasoka thumba ndi wina, ulemu n'kupita kwa wosoka thumba? Sindikufuna kumukhumudwitsa mnzangayu, koma ndikufuna ndimvetse.

MaiWaAmapasa
Achimwene, masewero ake amenewa ena a ife sitiwadziwa n'komwe. Wina ayambe watiuza kuti woponyayo amatani.

MphunzitsiWakale
Mayi, ndiyeseko. Masewero amakhala ndi zigawo 9, eniake amati ma inning. M'chigawo chilichonse timu imodzi imamenya mpira ndi ndodo, inayo imaponya ndi kuwakha, ndipo anthu atatu akatulutsidwa amasinthana. Woponya amaima pa kachulu pakati pa bwalo, pafupifupi mamita 18 ndi theka kuchokera pamene paima womenya. Mpira wa woponya wamphamvu umathamanga makilomita 150 pa ola, choncho womenya amakhala ndi nthawi yosakwana theka la sekondi kuti aone mpirawo, aganize, n'kuzunguza ndodo. Akaphonya katatu watuluka.

Woyamba masewero amaponya mipira pafupifupi 100, mkono n'kutopa, ndipo amapuma masiku anayi asanaponyenso. Akachoka amalowa ena ochokera kukhola lakuseri limene amalitcha bullpen. Womaliza wa onsewo ndiye closer, wotseka masewero. Akalowa timu yake ikutsogola ndi zigoli zosaposa zitatu n'kumaliza bwinobwino, amamulembera save imodzi. Rivera ali ndi ma save 652 m'zaka 19, onse ndi Yankees. Womutsatira ndi Trevor Hoffman, 601.

KapitawoWaZomba
Mlonda, mtima wanu sukukunamizani. Ine ndakhala ndikunena zimenezi kwa zaka. Rivera pa moyo wake wonse anaponya ma inning 1,283. Greg Maddux, amene anali woyamba masewero, anaponya oposa 5,000, anapambana masewero 355, koma mu 2014 atolankhani 16 sanamuvotere. Nolan Ryan anatulutsa anthu 5,714 powaphonyetsa katatu. Ndiye mundiuze kuti wa 1,283 ndiye wamkulu? Komanso anthu amaiwala kuti Rivera anayamba ngati woyamba masewero ndipo zinamukanika. Tsiku lake loyamba, pa 23 Meyi 1995, Angels anawathira 10–0. Kubullpen anapitako chifukwa ntchito yaikulu inamulemera.

NachisaleWaBronx
Akapitawo, inu munayamba mwakhalapo m'bwalo muja chigawo cha 9 chikuyamba, kusiyana kuli chigoli chimodzi?

KapitawoWaZomba
Achemwali, phokoso la anthu si umboni.

MwanaWaMsodzi
Ine manambala ndiwasiyira odziwa. Chimene chinandigwira mtima pa munthu ameneyu ndi kumene anachokera, chifukwa inenso ndinakulira kunyanja, kwa Makanjira, ndipo bambo anga anali msodzi.

Rivera anabadwa mu 1969 n'kukulira ku Puerto Caimito, mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja ya Pacific. Bambo ake anali kapitawo wa boti lopha tinsomba ting'onoting'ono, tonga usipa wathuwu. Ana kumeneko ankasewera pamchenga madzi akaphwa. Golovesi ankapanga ndi katoni, ndodo inali nthambi ya mtengo, mpira ankakulunga zidutswa za ukonde wakutha n'kumata ndi tepi. Nditawerenga zimenezo ndinaona chikulunga chathu chenicheni, kungoti ife tinkamenya ndi mwendo. Ndipo iyenso chimene ankakonda poyamba ndi mpira wamiyendo, anausiya chifukwa chovulala akakolo.

Ali ndi zaka 16 anakwera boti la bambo ake, masiku 6 pa sabata. Amene sanakokepo ukonde usiku sangamve zimene ndikunena. Manja amang'ambika, chingwe chonyowa chimadya khungu, tulo ta pamadzi si tulo. Mu 1988 chingwe cha makina okokera ukonde chinamasuka n'kumenya amalume ake a Miguel iye akuona, ndipo patapita masabata angapo anamwalira. Patsogolo pake boti lawo linayamba kumira litadzaza nsomba, anapulumukira m'boti lina. Ine ndinataya msuweni wanga pa mwera wa mwezi wa Julayi, tinamupeza tsiku lachitatu. Munthu amene waona zotere, ukamupatsa mpira n'kumuuza kuti anthu 50,000 akukuyang'ana, sanjenjemera. Akudziwa kuti akalephera mawa adzadzuka ali moyo. Kudekha kumene anthu ankakuona pankhope yake ine ndimakhulupirira kuti anakutenga pamadzi.

MlondaWaUsiku
Pepani za msuweni wanu, achimwene. Mnzanga uja ndi wa ku La Chorrera, akuti ndi pafupi kwambiri ndi mudzi umenewo. Nanga anachoka bwanji pa boti kufika ku Yankees?

MphunzitsiWakale
Mwangozi ndithu. Sanali woponya n'komwe, ankasewera malo ena m'timu ya m'dera lakwawo. Tsiku lina woponya wawo zinamuvuta kwambiri, iye n'kupemphedwa kuti amalize. Anzake awiri a m'timumo ndi amene anakauza munthu wofufuza osewera wa Yankees. Mkulu wa ofufuzawo, Herb Raybourn, anali atamuonapo kale akusewera malo ena aja ndipo sanakopeke naye. Ulendo uno anaona kamnyamata kowonda, mpira wake wosathamanga kwenikweni, koma mkono ukuyenda mosavutikira ngati madzi. Anamusainitsa mu Febuluwale 1990, ali ndi zaka 20, pa ndalama zosaposa madola 3,000. Anali asanakwerepo ndege ndipo Chingerezi sankachidziwa. Chaka choyambacho m'matimu ang'onoang'ono anaponya ma inning 52 n'kulola chigoli chimodzi chokha chowerengedwa pa iye.

Ndipo Yankees anatsala pang'ono kumutaya kangapo. Mu 1995 ankafuna kumupereka ku Detroit kuti atenge David Wells, koma anamva kuti liwiro la mpira wake lakwera mwadzidzidzi, bwana wawo Gene Michael n'kuimitsa zokambiranazo. Pa 4 Julayi chaka chomwecho anaponya ma inning 8 ku Chicago osalola chigoli, n'kuphonyetsa anthu 11. Ndiye Akapitawo, mawu akuti zinamukanika ndi oona koma si onse.

ChipewaChaNY
Ine ndangodziwa lero kuti chipewa cha NY chimene ndinagula pa kaunjika ku Limbe n'cha timu ya masewero. Ndimayesa ndi dzina la mzinda chabe.

MaiWaAmapasa
Si inu nokha. Kuno ku Area 25 anyamata a kabaza ambiri ali nacho.

WaKuRandburg
Poti mwatchula zakwathu, ndiponyepo kanga. Ine ndimakhala kuno ku Johannesburg, ndipo baseball iliko ngakhale imabisika kuseri kwa rugby ndi cricket. Munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yaikulu ya ku America ndi Gift Ngoepe, mu Epulo 2017 ndi Pittsburgh Pirates, ndipo atangolowa anamenya mpira wa Jon Lester n'kufika pa base yoyamba (ma base ndi malo amene womenya amathamangira, akawazungulira onse n'kubwerera pamene anayambira ndiye chigoli). Anakulira m'kachipinda ka pabwalo la Randburg Mets, kumene mayi ake ankagwira ntchito. Pabwalo limenelo ndimadutsapo ndikamapita kuntchito. Woponya wa kuno ndi Tayler Scott wa ku Johannesburg, anayamba ndi Seattle mu 2019. Iyeyu ndiye amakuonetsani moyo weniweni wa oponya ambiri a kubullpen: chaka chino timu iyi, chaka chamawa ina, mpaka ku Japan anakaponyako. Zaka 19 pa timu imodzi ngati Rivera si zamasewera.

ChipewaChaNY
Nanga n'chimodzimodzi ndi cricket?

WaKuRandburg
Pang'ono. Pa cricket mpira umagunda pansi kaye ndipo woponya sapinda chigongono. Pa baseball umabwera m'malere, ndiye ukakhota umakhota ndi mphepo ndi kazunguliridwe kake basi.

MlondaWaUsiku
Tibwerere kwa Rivera, abale. Mnzanga amangoti cutter, cutter. N'chiyani chimenechi?

MmisiriWaZitsulo
Apa ndiye pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha Akapitawo amvetsere.

Oponya ambiri amakhala ndi mitundu itatu, inayi kapena isanu ya kaponyedwe: wothamanga, wokhota, wogwa pansi, wochedwa. Nzeru yake ndi yoti womenya asadziwe chikubwera. Rivera kwa zaka zambiri ankadalira mtundu umodzi, cutter, mwina mipira 8 kapena 9 pa 10 iliyonse. Womenya ankadziwa chikubwera, wogulitsa zakumwa m'bwalo ankadziwa, mwana wa kunyumba pa TV ankadziwa. Koma kuumenya ayi.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kukafotokoza. Zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, zimagona pamsoko wa mpira koma zitasunthira pambali pang'ono, ndipo chapakati ndicho chimakanikiza. Mpira umachoka ngati wolunjika, womenya n'kuyamba kuzunguza ndodo, ndiye pamapeto penipeni umapatuka masentimita ochepa. Kwa womenya wamanzere umalowera pafupi ndi manja ake, kumene ndodo ndi yopyapyala. Ndodo imathyoka, mpira n'kungogubuduka pafupi. Mu World Series ya 1999, ndime yomaliza yolimbirana chikho, anathyola ndodo zitatu za Ryan Klesko wa Atlanta pa ulendo umodzi womenya. Pamene ankapuma ntchito mu 2013, timu ya Minnesota inamupatsa mpando wogwedera wopangidwa ndi ndodo zothyoka.

Anaupeza mu 1997 akuponyerana ndi mnzake wa ku Panama, Ramiro Mendoza. Mpira unangoyamba kupatuka wokha, Mendoza mpaka kudandaula kuti amuvulaza. Iye ndi mphunzitsi wa oponya, Mel Stottlemyre, anayesa kuti auwongole, osatheka, mpaka anausiya choncho. Mwiniwake amati inali mphatso ya Mulungu.

Tsono ine ndine wowotcherera zitsulo, zaka 22 ndili pa ntchito imeneyi. Ndaphunzitsa anyamata ambiri. Aliyense ndimamupatsa makina omwewo, ndodo zowotcherera zomwezo, ndimamuonetsa kagwiridwe komweko. Patatha mwezi onse amadziwa kulumikiza zitsulo. Koma msoko woyera, wofanana kuyambira apa mpaka apo, tsiku lililonse, kaya wadwala mutu kaya kunyumba kwavuta, ameneyo m'zaka 22 ndapeza awiri. Rivera sankabisa kagwiridwe kake. Mu 2008 anaphunzitsa Roy Halladay, amene ankaponyera Toronto, timu yopikisana nayo. Oponya mazana ayesa cutter. Chimene analibe ndi dzanja loika mpira pamalo omwewo, m'mphepete mwenimweni, kwa zaka 17. Musapeputse munthu wodziwa chinthu chimodzi mpaka pansi pake.

KapitawoWaZomba
Amisiri, mwalankhula bwino ndipo luso lake sindikulitsutsa. Koma mwandithandiza osadziwa. Mtundu umodzi umakwana chifukwa womenya ankakumana naye kamodzi pa usiku. Woyamba masewero amakumana ndi munthu yemweyo katatu kapena kanayi, ndipo ulendo wachitatu maso a womenya amakhala atazolowera. Mukanamupatsa Rivera ma inning 7 masiku asanu alionse, cutter ija akanaiphunzira. Edgar Martinez wa Seattle ankamumenya koposa theka la maulendo amene anakumana.

Ndiponso save imeneyi ndi chinthu chopanga atolankhani. Anaiyambitsa ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, n'kuvomerezedwa mu 1969. Akale monga Rollie Fingers ndi Goose Gossage ankalowa moto uli lawilawi, chigawo cha 7, anthu ali pa ma base, n'kuponya mpaka kumapeto. Za chigawo chimodzi choyera zinakhazikika ndi Tony La Russa ndi Dennis Eckersley ku Oakland cha m'ma 1988. Rivera anapeza ntchito itapepuka kale.

MmisiriWaZitsulo
Ngati inapepuka, bwanji ena onse amatha zaka zitatu kapena zinayi n'kuzimirira?

MphunzitsiWakale
Akapitawo, pa nkhani ya Martinez mukunena zoona, Rivera mwiniwake anavomera kuti ameneyo ndiye ankamusautsa koposa, ndipo awiriwa analowa mu Hall of Fame chaka chimodzi, pamodzi ndi malemu Halladay. Koma tiyeni tione masewero a mwezi wa Okutobala, a ndime zochotsana, kumene kumatsala matimu amphamvu okhaokha ndipo amakumana masiku otsatizana. Kumeneko Rivera anasewera masewero 96, ma inning 141. Gawani muone, si chigawo chimodzi pa masewero. Mphunzitsi wawo Joe Torre ankamulowetsa chigawo cha 8 kawirikawiri. Pa ma inning 141 amenewo analola zigoli 11 zokha zowerengedwa pa iye. Pa muyeso wa zigoli pa ma inning 9 alionse, umene amautcha ERA, zimenezo ndi 0.70. Woponya wabwino amakhala cha pa 3. Pa nyengo wamba iye anamaliza ndi 2.21.

Mu 2003, masewero achi 7, omaliza a ndime yochotsana ndi Boston, anaponya zigawo zitatu, cha 9, cha 10 ndi cha 11, osalola kanthu, mpaka Aaron Boone anamenya home run yopambanira, mpira wodumpha mpanda wa bwalo. Anzake akuthamangira Boone, iye anathamangira pa kachulu paja n'kugwa chafufumimba akulira. Zikho za World Series ali nazo zisanu: 1996, 1998, 1999, 2000 ndi 2009. Ndipo mu 1996 sanali wotseka, ankaponya zigawo ziwiri patsogolo pa John Wetteland, ma inning oposa 107 chaka chimenecho, n'kuphonyetsa anthu 130.

KapitawoWaZomba
Nanga 2001? Nanga 2004? Mukudumpha dala.

NachisaleWaBronx
Palibe akudumpha. Ine ndi amene ndinene za 2001, chifukwa ndaionera kambirimbiri.

Ndinabwera kuno mu 2009 ndipo ntchito yanga yoyamba inali yosamalira agogo ena aamuna, Mtaliyana wa zaka za m'ma 80, amene maso anali atayamba kuchita khungu. Baseball ndinaiphunzirira pampando wa pambali pa bedi lawo, chifukwa ankafuna ndiziwauza zimene zikuoneka pa TV. Anali ndi matepi akale, ndipo imene ankaipempha kwambiri si ya chipambano, inali ya pa 4 Novembala 2001 ku Arizona. Kumbukirani kuti apa n'kuti pasanathe miyezi iwiri chigwere nsanja zija za ku New York pa 11 Seputembala, mzinda wonse unali pamaliro ndipo unatsamira pa timu imeneyi.

Masewero achi 7, omaliza a World Series, Yankees akutsogola 2–1. Rivera analowa chigawo cha 8 n'kuphonyetsa atatu. Cha 9, Mark Grace anamenya n'kufika pa base yoyamba. Wotsatira anangogunditsa mpira pansi pafupi, Rivera anautola n'kuponya ku base yachiwiri, koma unapita pambali. Kulakwa kwake yekha, ndi dzanja lomwe lija losaphonya. Tony Womack anabweza chigoli. Kenako ma base onse atadzaza, Torre anakokera owakha kutsogolo, Luis Gonzalez n'kubwera. Cutter inachita ntchito yake yeniyeni, inamudya m'manja, mpira unangonyamuka mofooka. Koma unadutsa pamwamba pa wowakha wa Yankees, Derek Jeter, n'kugwera pamene iye akanaima akanakhala kuti sanasunthidwe. 3–2, chikho chapita.

Agogo aja ankandiuza kuti imitsa tepi, ndiuze nkhope yake. Ndinkawauza kuti akuyenda kutuluka, mutu sanaweramitse kwambiri, sakutukwana, sakuponya golovesi. Iwo ankati ndiye mwamuna ameneyo. Pambuyo pake anaima pamaso pa atolankhani n'kuyankha mafunso onse, osaloza mnzake chala. Chaka chotsatira anabwerera pa kachulu pomwepo, ndipo anaponyanso zaka zina 12. Alipo oponya amene usiku umodzi wotere unawathera ntchito. Woyamba masewero akalakwitsa chigawo choyamba, anzake ali ndi zigawo 8 zokonzera. Wotseka akalakwitsa, anthu amazimitsa TV ali ndi dzina lake pakamwa.

MtumikiWaMulungu
Pa nkhani ya 2001 pali china. Mnzake wa m'timu, Enrique Wilson wa ku Dominican Republic, anali atagula tikiti ya ndege ya pa 12 Novembala, poganiza kuti akhala kaye pa chikondwerero cha chikho. Atagonja ananyamuka msanga. Ndege ya tsiku limenelo inagwa ku Queens itangonyamuka, onse anali m'katimo anafa. Rivera anamuuza kuti ndi bwino kuti tinagonja, chifukwa ndikadali ndi mnzanga.

KapitawoWaZomba
Nkhani imeneyo ndimaidziwa ndipo imandikhudza. Koma anthu 260 a m'ndegemo analinso ndi anzawo. Tisaigwiritse ntchito pokometsa kugonja.

MtumikiWaMulungu
Mwanena zoona, akulu. Ine ndimangoonetsa mtima wa munthuyo, kuti chikho sanachiike pamwamba pa moyo.

MphunzitsiWakale
Za 2004 nazonso tinene. Yankees anali atapambana masewero atatu oyamba ndi Boston. Achinayi, chigawo cha 9, Rivera anapereka base yaulere kwa Kevin Millar poponya mipira inayi yosalunjika, Dave Roberts analowa m'malo mwake n'kuba base yachiwiri, Bill Mueller n'kumenya mpira wobweza chigoli. Boston inapambana masewero anayi otsatizana itagonja kale atatu oyamba, zimene zinali zisanachitikepo. Koma masiku ochepa mpikisanowo usanayambe, abale awiri a mkazi wake, bambo ndi mwana wake, anafa ndi magetsi padziwe losambira la kunyumba kwake ku Panama. Anapita kumaliro, n'kubwerera tsiku la masewero oyamba, kufika m'bwalo masewero ali m'kati, ndipo usiku womwewo anatseka. Chaka chotsatira anthu a ku Boston anamuombera m'manja momuseka pa tsiku lotsegulira bwalo lawo, iye anavula chipewa akumwetulira.

NamwinoWaLeeds
Ndilankhuleko monga munthu amene ndimathandiza odwala mafupa ndi minyewa kuyambanso kuyenda. Kuponya kotereku thupi la munthu silinapangidwire. Chigongono chimalandira mphamvu yoti kamtsempha ka m'kati kamakhala pafupi kuduka pa mpira uliwonse, n'chifukwa chake oponya ambiri masiku ano amachitidwa opaleshoni imene imadziwika ndi dzina la Tommy John. Rivera anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 1992 asanafike n'komwe mu ligi yaikulu, ndipo chaka chimenecho matimu awiri atsopano, Florida ndi Colorado, anali ndi mwayi womutenga koma anamusiya.

Chimene chimandidabwitsa ine ndi 2012. Pa 3 Meyi ku Kansas City, masewero asanayambe, ankathamangitsa mipira chakumapeto kwa bwalo monga ankachitira masiku onse polimbitsa thupi. Bondo lakumanja linapotokola, mtsempha wa m'kati umene timautcha ACL n'kuduka. Anali ndi zaka 42. Opaleshoni inachedwa mwezi wathunthu chifukwa anamupezanso ndi magazi oundana m'mwendo. Ine odwala anga a zaka zimenezo ndimawauza kuti cholinga chathu n'choti mukwere masitepe opanda ululu. Miyezi yoyamba munthu amalira pongofuna kupinda bondo, ntchafu imafota ngati ya mwana. Iye ndalama anali nazo, ankalandira madola 15 miliyoni pa chaka, mbiri ya Hoffman anali ataiphwanya kale mu Seputembala 2011. Panalibe chomukakamiza. Anabwerera mu 2013 ali ndi zaka 43 n'kupeza ma save 44.

MaiWaAmapasa
Nanga nambala 42 imene Amlonda anaiona ija, bwanji mwana wanga akuti ndi ya Jackie Robinson?

MphunzitsiWakale
Mwana wanu akunena zoona, mayi. Robinson ndiye munthu wakuda amene anathyola tsankho mu ligi yaikulu, mu 1947 ndi Brooklyn Dodgers. Mu 1997 analamula kuti nambala yake isaperekedwenso kwa wina pa timu iliyonse, koma amene anali ataivala kale analoledwa kupitiriza. Rivera ndiye anatsala womaliza. Pa mwambo womutsanzika mu Seputembala 2013, mkazi wa malemu Robinson, mayi Rachel, analipo.

NachisaleWaBronx
Tsiku lomaliza lenileni linali pa 26 Seputembala, ndi Tampa Bay. Agogo anga aja n'kuti atafooka kwambiri, sankadyanso bwino. Chigawo cha 9, atatulutsa anthu awiri, ndinaona kuti amene akubwera kudzamuchotsa si mphunzitsi Joe Girardi, koma Jeter ndi Andy Pettitte, anzake amene anakulira limodzi m'matimu ang'onoang'ono. Ndinawauza agogo. Anati ndiuze zonse, usasiye kanthu. Ndinati wapereka mpira kwa Pettitte, wamukumbatira, waika nkhope paphewa pake, mapewa akugwedezeka, akulira ngati mwana, Pettitte wamugwira kumutu. Mawu anandithera pamenepo. Masewero atatha anabwerera yekha pa kachulu n'kutapa dothi lodzaza dzanja. Agogo anandigwira dzanja langa osalankhula. Anamwalira Januwale wotsatira.

KapitawoWaZomba
Achemwali, pepani ndinakuyankhani mwaukali poyamba paja. Ndikuvomera kuti pa otseka onse palibe womuyandikira. Koma pa mavoti 425 paja sindisuntha. Zimenezo zikuonetsa kuuma mtima kwa ovota akale, osati kuti Rivera anaposa Babe Ruth kapena Willie Mays. Panali atolankhani amene ankakana dala kuti wina asapeze mavoti onse. Ken Griffey Jr. anaperewera atatu mu 2016, Jeter mmodzi mu 2020, Ichiro Suzuki mmodzi mu 2025. Mutandipatsa mwayi wosankha woponya mmodzi woyambira naye timu, nditenga Maddux lero ndi mawa.

MmisiriWaZitsulo
Woyambira naye timu, Maddux, sindikana. Koma mwatsala ndi anthu atatu kuti mutenge chikho, mpira mupatsa ndani?

KapitawoWaZomba
Rivera. Pamenepo sindingachedwe n'kuganiza.

MlondaWaUsiku
Zikomo nonse, ndawerenga zonse kawiri. Usiku wathawu ndinamufotokozera mnzanga zimene mwalemba, makamaka za Amsodzi ndi za Achemwali a ku Bronx. Za Maddux anangopukusa mutu. Koma nditatchula za ukonde wokulunga anakhala chete, kenako anati nayenso ankapanga mipira yotero, ndipo ukanyowa umalemera n'kumapweteka m'manja.

M'bandakucha, nthawi yosinthana, anatulutsa mpira m'chikwama chake, wakuda ndi dothi, msoko wofiira utayamba kutha. Anandigwira zala n'kuziika pamsokopo, n'kuzisunthira pambali pang'ono, n'kukanikiza chala changa chapakati ndi chake. Tinapita kumalo oimika magalimoto, kunali kusanadzaze, tinawerenga mapazi 60 n'kuyamba kuponyerana. Yanga yonse inkapita molunjika. Yake iwiri inapatuka pang'ono pamapeto, ndipo wachiwiriwo unandimenya pa chala chachikulu, mpaka pano chatupa. Akuti Lamlungu tipite ku Van Cortlandt Park ndi golovesi yeniyeni. Achemwali a ku Bronx, ngati muli pafupi bwerani ndi ana.